Munkakwerera Pati? Mmene Mungapezere Anzanu Okonda Sitima ndi Kukumbutsana za Kumudzi

Ndinabadwira ku Sandama mu 1961, m'nyumba imene makapu ankagwedezeka okha pa thebulo sitima ikamadutsa. Bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji. Mmawa uliwonse ankanyamuka ndi anzawo pa kangolo kokankha, atakweza mafosholo, mapiki ndi nyundo, kukayendera njanji imene imatsetsereka motsatira mtsinje wa Ruo. Kwathuko msewu unalipo, koma mvula ikagwa palibe galimoto imene inkafika. Mchere, parafini, makalata, aphunzitsi atsopano, ngakhale maliro ochokera ku tauni, zonse zinkabwera pa sitima. N'chifukwa chake mpaka lero, ngakhale ndakhala ku Limbe zaka zoposa 30, ndikamva hutala wa sitima ndimasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera kaye.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti mtima umenewu ndili nawo ndekha. Si choncho. Tilipo ambiri, kungoti kuno kwathu munthu sadzitchula kuti ndi wokonda sitima ngati mmene amadzitchulira wokonda mpira. Amangokhala nazo mumtima. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndakhala ndikuwapezera anthu otere, ndi mmene timayambira nkhani mpaka munthu amene sindimamudziwa mmawa n'kumandiuza madzulo dzina la chitsime chimene amayi ake ankatungako madzi.

Kumene ali

Malo oyamba ndi m'sitima momwemo. Pitani ku siteshoni ya Limbe kapena ya Balaka mukafunse masiku amene sitima ya anthu ikuyenda ndi kumene ikufika, chifukwa masiku amasinthasintha, makamaka nyengo ya mvula. Musadalire zimene munamva chaka chatha. Tsiku la ulendo fikani molawirira, ola lathunthu kapena kuposa, ndipo gulani tikiti ya m'bogi ya anthu wamba. M'bogi ya mipando yofewa anthu amakhala ali pa foni. M'bogi ya anthu wamba mumakhala moyang'anizana, mawondo kugundana, thumba la nandolo pansi pa mpando, ndipo kukhala chete ulendo wonse n'kosatheka.

Wokonda sitima savuta kumuzindikira. Ena akamathamangira mipando, iye amayamba wapita kutsogolo kukayang'ana mutu wa sitima. Akakhala pansi amasankha pa windo, ndipo amadziwa mbali imene ikhale ndi zooneka bwino. Sitima ikamayandikira mlatho wa Shire North amadzuka yekha ngakhale anali m'tulo. Pa Nkaya, pamene njanji yopita ku Nayuchi imasiyana ndi yopita ku Balaka, sitima yonyamula malasha ikamadutsa mumamuona milomo ikuyenda, akuwerenga mabogi, ndipo satopa ngakhale apitirire 100. Ameneyo ndiye munthu wanu. Ngati pali malo pafupi naye, khalani pamenepo.

Malo achiwiri ndi ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, kumene panja pali mitu ya sitima zakale zoyendera malasha. Ana asukulu amakwerapo n'kujambulitsa n'kumapita. Koma nthawi zina mumapeza bambo wachikulire ataima payekha, dzanja lili pa chitsulo, akuyang'ana m'kati mmene munkayaka moto. Musamusiye apite musanamupatse moni.

Kwinako ndi kumene anthu amakhala nthawi yaitali osathamangira kwina: pa bawo, pa siwa, pa mzere wa kuchipatala, pa benchi ya kutchalitchi mapemphero asanayambe. Ku Limbe kuno, makamaka cha ku Mpingwe kumene kunali nyumba za anthu a njanji, komanso ku Balaka ndi ku Salima, kuli akuluakulu ambiri amene anapuma ntchito ya sitima. Ena anzanga apamtima ndinawapeza pa siwa, usiku pa moto, nkhani itangotembenukira ku sitima.

Funso loyambira

Moni ndiye woyamba, ndipo musamufupikitse. Wamkulu mum'patse ulemu wake: bambo, mayi, agogo. Wa msinkhu wanu, achimwene kapena achemwali. Mukamva kalankhulidwe kake n'kuzindikira kuti ndi Msena, "Muli tani?" amatsegula nkhope yake kuposa mawu ena alionse. Myao, "Ali uli?" Ngakhale muzingodziwa moni yekhayo, n'zokwanira.

Kenako pamabwera funso limene ndikufuna mulisunge. Ambiri timathamangira kufunsa kuti, "Kwanu n'kuti?" Funso limeneli silolakwika, koma yankho lake ndi lalifupi. Munthu amangoti "ku Thyolo" kapena "ku Machinga," nkhani n'kuthera pomwepo. Komanso masiku ano ena amayamba kukayikira kuti mwina mukufuna kudziwa mtundu wawo kapena chipani chimene amatsatira. Ine ndimafunsa kuti, "Kodi muli mwana, sitima munkakwerera pati?"

Yankho la funso limeneli silikhala boma. Limakhala siteshoni, ndipo siteshoni imakoka zonse zimene zinali kumbuyo kwake. Munthu akangoti "pa Utale," maso ake amakhala atachoka kale m'bogimo. Akuona njira yochokera kunyumba kukafika pa siteshoniyo, mtsinje umene ankawoloka, amene ankamuperekeza, ndi nthawi imene ankadzuka.

Tsiku lina ndikupita ku Balaka ndinakhala moyang'anizana ndi mayi wina wa msinkhu wa alongo anga aakulu. Kuchokera ku Limbe mpaka ku Lirangwe tinangopatsana moni basi. Nditaona kuti akuyang'ana panja mosaphethira, ndinafunsa funso langa lija.

"Pa Utale, bambo," anatero. "Koma kwathu kwenikweni kunali kutali ndi siteshoni. Tinkadzuka tambala woyamba."

"Ankakuperekezani ndani, mayi?"

"Agogo anga aamuna. Ankasenza bokosi langa lachitsulo pamutu, ine ndanyamula nyali."

Kuchokera pamenepo sindinafunsenso zambiri. Anandiuza za mtengo wa mlambe umene ankapumirapo, za mbatata yootcha imene agogowo ankamangira pa kansalu, za tsiku limene anafika mochedwa n'kuiona sitima ikuchoka, agogo n'kukhala naye pa siteshoni mpaka kudikira ina. Pofika pa Utale anaimirira n'kundilozera kumene njirayo inkatulukira. Lero pamenepo pali nyumba za malata.

Mafunso otsatira akhale aang'ono ndi ogwirika. Musafunse kuti "Moyo unali bwanji kale?" chifukwa yankho lake ndi "unali bwino" kapena "unali wovuta." Funsani kuti pa siteshoni yawo ankagulitsa chiyani pa windo. Funsani kuti sitima inkafika nthawi yanji, usana kapena usiku. Funsani kuti ulendo wawo woyamba ankapita kuti, ndipo anavala chiyani. Funsani ngati kunyumba kwawo hutala ankamveka. Funso lomalizali ndimalikonda kwambiri, chifukwa munthu amayamba kukufotokozerani mmene mudzi wawo unakhalira, phiri lili uku, dambo lili uko, mphepo ikachokera mbali yakuti ndiye phokoso la sitima linkafika mpaka kumunda.

Ndipo mukafunsa, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akakhala chete pakati pa nkhani sikuti wamaliza, akufunafuna dzina limene sanalitchule zaka 40. Mukalowetsapo nkhani yanu pamenepo, dzinalo silibweranso. Nkhani ya kwanu idzapeza nthawi yake, chifukwa munthu amene mwamumvetsera bwino amafunsa yekha kuti, "Nanga inu, achimwene?"

Kutchula masiteshoni

Pali kachitidwe kena kamene timachita tikakumana awiri kapena atatu, ndipo sikanalepherepo kusonkhanitsa anthu. Mmodzi amayamba kutchula masiteshoni mwa ndondomeko yake, wina n'kumalandira. Ine ndimayamba ndi njanji ya kwathu: Limbe, Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Makhanga, Chiromo, Bangula, Nsanje, mpaka ku Marka kumalire. Ndimatchula akuluakulu okha, timasiteshoni tapakati n'kutisiya. Nthawi yomweyo wina kumbuyo amakuwa kuti, "Mwadumpha kwathu!" Ameneyo wadziulula yekha. Muitaneni abwere pafupi atchule kwawoko, auze anthu kuti kunali chiyani.

Wa kumpoto amalandira: Balaka, Bilira, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka, Chipoka, Salima. Wa kummawa: Nkaya, Liwonde, mpaka Nayuchi, kutsidya kwake Entre Lagos. Dzina lililonse lili ndi mwini wake m'bogimo, kapena wina amene anakwatirako, anaphunzirako, kapena anaikako mbale wake. Ndinaonapo bogi yonse, anthu osadziwana, ikutsutsana mwachimwemwe ngati nthochi zokoma zinali za pa Thekerani kapena za pa Sandama. Ine mbali yanga mukuidziwa kale, ndipo sindisintha.

Zaka zoti muzisunge m'mutu

Simukufunika kukhala katswiri wa mbiri, koma zaka zingapo zimathandiza kwambiri, chifukwa zimakuuzani nthawi imene munthu akukamba ngakhale iye sakukumbuka chaka.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Agogo akamati "ku Port Herald" kapena akamatchula Nyasaland Railways, dziwani kuti akukamba za nthawi ya atsamunda, ufulu wa 1964 usanabwere. Chaka cha 1935 n'chachikulu: ndi pamene mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, wautali kuposa makilomita atatu ndi theka, kotero kuti sitima inkatha kuchoka kuno mpaka ku Beira popanda kuwolotsa katundu pa madzi. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Amene makolo awo anapita ku Halale kapena ku Joni pa sitima, ambiri anadutsa pa mlatho umenewu, ndipo pafupifupi banja lililonse la kwathu lili ndi nkhani ya amalume amene anawoloka Dona Ana osabweranso.

Njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, inatsegulidwa mu 1970. Choncho munthu wa ku Liwonde akanena kuti anaona njanji ikumangidwa ali mwana, mwadziwa kale msinkhu wake. Ku Lilongwe sitima inafika mu 1979 kuchokera ku Salima, ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo ku Mchinji mu 1980. Chigawo cha Mchinji kukafika ku Chipata chinatsegulidwa mu 2010. Mu 1999 ntchito yoyendetsa sitima inachoka m'manja mwa boma kupita ku kampani ya Central East African Railways. Kwa ife a kumunsi, chaka chimene sitichiiwala ndi 1997, pamene madzi anakokolola njanji cha ku Chiromo, sitima n'kusiya kuwolokera ku Bangula ndi ku Nsanje.

Anthu a ku Chipoka ali ndi nkhani yawoyawo, chifukwa kumeneko sitima ya pamtunda inkakumana ndi ya panyanja. Ilala imene ikuyendabe inamangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Kwa zaka zambiri sitima za panyanja zinali pansi pa kampani ya njanji yomweyo. Mukakumana ndi munthu wa ku Likoma, Nkhata Bay kapena Usisya, musaganize kuti alibe nkhani ya sitima ya pamtunda. Ambiri ankatsika Ilala pa Chipoka n'kukwera sitima kupita ku Limbe kukafuna ntchito kapena sukulu.

Koma tamverani. Zaka zimenezi n'zoti zikuthandizeni inuyo kumva nkhani, osati zokonzera anthu. Agogo akanena kuti anakwera sitima ku Lilongwe chaka cha ufulu, inu mukudziwa kuti njanji inali isanafikeko. Musawadule. Funsani mofatsa kuti, "Agogo, kodi munayamba mwakwera basi kapena lole kukafika ku Salima?" Kawirikawiri amakumbukira okha, ndipo pamatuluka nkhani ina ya ulendo wa pa lole imene simukanaimva. Ndinaonapo mnyamata wophunzira bwino akutsutsa mkulu wina pa gulu, foni ili m'manja. Zimene ankanena zinali zoona, koma mkuluyo sanayankhulenso mpaka anatsika.

Akuluakulu amene anagwira ntchito ya njanji

Awa ndi chuma, ndipo akutha. Dalaivala, gadi, wa pa siteshoni, wa mbendera, makaniko wa ku Limbe, wokonza njanji ngati bambo anga: aliyense ankaiona sitima mbali yake. Musathamangire madalaivala okha. Wokonza njanji amadziwa khona lililonse, pamene madzi amadutsa mvula ikachuluka, pamene nthaka imagumuka. Bambo anga ankatha kumva ndi khutu lokha kuti chitsulo chakhwefuka penapake, pongomvetsera mmene mawilo akulirira.

Mukafuna kucheza ndi mkulu wotere, pitani kunyumba kwake, musamuitanire kwanu. Tumizani mawu kaye kudzera kwa munthu amene amamudziwa. Nyamulani kanthu m'manja, shuga kapena buledi, monga timachitira popita kwa akulu. Mukafika musayambe ndi sitima. Funsani za moyo, za ana, za mvula. Nkhani ya ntchito idzabwera yokha.

Mafunso amene ndaona kuti amawasangalatsa ndi awa: analowa ntchito chaka chiti ndipo anawalemba ndani, siteshoni yoyamba imene anawatumiza, chitunda chimene sitima inkavutika kukwera, kusiyana kwa sitima yoyendera malasha ndi ya dizilo m'manja mwa woyendetsa. Amene anagwirapo pa sitima za malasha amakuuzani za kutentha kwa m'kati, za kuthira madzi pa masiteshoni, za mmene wothira malasha ndi dalaivala ankamvanirana popanda kulankhula. Ine sitima zimenezo ndinaziona ndili wamng'ono kwambiri, zitatsala pang'ono kutha. Chimene ndimakumbukira ndi fungo, ndi timakala timene tinkalowa m'maso ukasuzumira pa windo. Nditamuuza zimenezi mkulu wina amene anali wothira malasha, anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, timakala timeneto ndinkakutumizira ndine."

Anthu a njanji ankasamutsidwa kawirikawiri, choncho ana awo kwawo n'kwambiri. Mwana wa wa pa siteshoni akhoza kukhala kuti anayamba sukulu ku Golomoti, anapitiriza ku Luchenza, n'kumaliza ku Balaka. Ameneyu mukamufunsa kuti kwanu n'kuti amasowa chonena. Mufunseni kuti pa masiteshoni onsewo, ndi iti imene amailota.

Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni kapena kujambula zithunzi zawo zakale, pemphani, ndipo nenani chimene mukufuna kuchita nazo. Chithunzi musachitenge kupita nacho kwanu. Chijambuleni pomwepo n'kuchibweza m'manja mwa mwini wake. Kawirikawiri chimakhala chimodzi chokhacho.

Pamene nkhani imawawa

Si zonse za sitima zimene zili zokoma, ndipo muyenera kukhala okonzeka. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, mlatho wa Dona Ana unawonongedwa, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira m'dziko muno mtendere wa 1992 usanabwere. Kwathu ku Sandama, Mozambique ndi kutsidya kwa Ruo chabe. Tinkamva mfuti usiku. Ena amene mudzakumane nawo m'sitima anabwera nthawi imeneyo ali ana, ndipo mudzi wawo weniweni sanauonenso. Ena midzi yawo inapita ndi madzi, monga anzathu a ku Makhanga mu 2015. Ena bambo awo anachotsedwa ntchito ya njanji, banja n'kutuluka m'nyumba ya kampani imene anabadwiramo.

Munthu akafika pamenepa mawu amasintha. Musamukankhe kuti apitirize, ndiponso musathawire ku nkhani ina ngati kuti simunamve. Nenani "pepani" n'kukhala naye chete pang'ono. Akafuna apitiriza. Bambo wina wa ku Mutarara anandiuza za usiku umene anawoloka ndi mng'ono wake kumsana, kenako anatembenukira ku windo. Tinayenda masiteshoni awiri osalankhula. Pambuyo pake anayamba yekha kundifotokozera mmene ankawerengera zipilala za mlatho wa Dona Ana ali mwana, ataima m'mbali mwa Zambezi, ndipo nkhope yake inabwerera.

Za ndale, za mitundu, za amene anawononga njanji ndani, zisiyeni pa ulendo woyamba. Nkhani zimenezo zimagawa bogi pakati, ndipo za kumudzi zija zimathera pomwepo.

Chakudya

Musakwere sitima chimanjamanja. Ine ndimanyamula mtedza wokazinga, chinangwa chophika ndi botolo la thobwa, ndipo ndimaonjeza pang'ono kuposa zimene ndingadye ndekha. Pogawana yambani mwadya inuyo, chifukwa masiku ano anthu amachenjezedwa za kulandira chakudya kwa alendo, ndipo wina akakana musakhumudwe. Njira yabwino koposa ndi kugula pa windo sitima ikaima, onse akuona: nzimbe, chimanga chootcha, zitumbuwa, masau kapena malambe nyengo yake ikakwana. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa sitima sidikira chenje.

Chakudya chimakumbutsa kumudzi msanga kuposa mawu. Tchulani kalongonda pamaso pa Mlomwe, nyika kapena mlamba wowamba pamaso pa munthu wa ku Chiromo, matemba a ku Chilwa pamaso pa wa ku Nayuchi, muone mmene akhalire tsonga. Funsani kuti ankaphika ndani, ndipo ankaphika bwanji.

Anzathu a njanji zina

Mudzakumananso ndi amene sitima yawo si ya kuno. Amalonda ambiri a ku Karonga ndi ku Mzuzu amadziwa TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975. Ambiri amaikwerera pa Mbeya. Ena anakulira ku migodi ya ku Zambia kapena ku Bulawayo, makolo awo ali pa ntchito, ndipo mudzi wa ubwana wawo ndi komboni ya ku Kitwe kapena ku Luanshya. Ena amadziwa sitima ya Cuamba kupita ku Nampula. Funso ndi lomwe lija. Musayambe kupikisana kuti sitima yabwino ndi iti. Mufunseni kuti ankakwerera pati.

Kuti chinzake chisathere pa siteshoni

Mukatsala pang'ono kutsika, pemphani nambala ya foni, ndipo polemba dzina lake onjezani siteshoni yake. M'foni mwanga anthu ambiri alembedwa choncho: dzina, kenako Bilira, dzina, kenako Khonjeni. Imbani pasanathe mlungu, ngakhale kungofunsa ngati anafika bwino. Mukadutsa pa siteshoni ya kwawo tsiku lina, jambulani chikwangwani cha dzina la siteshoniyo mum'tumizire. Pa siteshoni pemphani kaye kwa ogwira ntchito musanajambule, ndipo musaime pa njanji pofuna chithunzi chabwino. Sitima yodzaza malasha siingaime pafupi ngakhale dalaivala akuoneni.

Ndimasunganso kope. Ndikafika kunyumba ndimalemba zimene ndamva tsikulo: siteshoni, mudzi, mtsinje, zimene ankagulitsa, chaka ngati chatchulidwa. Phindu lake limaoneka pakapita nthawi. Mukakumana ndi munthu wachiwiri wa ku Mtakataka, mumatsegula kope n'kupeza woyamba uja, n'kuwalumikiza. Awiri amene ndinawalumikiza choncho anapeza kuti anaphunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi Sitandade 3, zaka zosiyana.

Ife tilipo asanu ndi mmodzi amene timakumana Loweruka loyamba la mwezi, kunyumba kwa mmodzi wa ife mosinthana. Palibe wapampando, palibe chopereka. Pali tiyi ndi lamulo limodzi: tsiku lililonse ndi la siteshoni imodzi, ndipo mwini siteshoniyo ndiye amayamba kulankhula. Mmodzi akadwala timakamuona. Mmodzi anatisiya chaka chatha, ndipo tinapita kukamuika kwawo, mudzi umene tonse tinkaudziwa bwino ngakhale tinali tisanapondeko, chifukwa anali atatiyendetsamo ndi pakamwa kambirimbiri.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi ichi: musadikire maliro. Tenganani mupite kwanu muli moyo. Konzani ulendo nyengo ya chilimwe misewu ili youma, dziwitsani abale kumudzi kuti mukubwera ndi alendo, ndipo mukafika kaonekereni kwa amfumu musanayambe kuzungulira. Ngati sitima sikufika kwanuko masiku ano, pitani pa minibasi kapena pa njinga yamoto, koma ulendo wa pansi muuyambire pa siteshoni, n'kuyenda njira yomwe ija munkayenda muli mwana. Mwini mudzi atsogole.

Ine ndinapita ndi anzanga awiri ku Sandama mu Ogasiti, wina wa ku Bilira, wina wa ku Chipoka. Tinayambira pa siteshoni. Ndinawaonetsa pamene amayi ankakhala ndi lichero la nthochi, pamene bambo ndi anzawo ankatsitsira kangolo kawo pa njanji sitima ikamabwera, ndi njira yotsikira ku Ruo kumene tinkasamba. Nyumba yathu kulibe, pangotsala maziko ndi mtengo wa mango umene unali kuseri kwa khitchini. Tili chiimire pamenepo, mayi wina wokalamba anatulukira ndi khasu paphewa, anandiyang'anitsitsa, n'kunditchula dzina la ubwana limene ngakhale ana anga salidziwa. Anatitengera kwawo, anatiyalira mphasa, ndipo mnzanga wa ku Chipoka, asanamalize n'komwe kumwa madzi, anali atawafunsa kale kuti ulendo wawo woyamba pa sitima ankapita kuti. Tinachoka dzuwa litapendeka. Mwezi wa mawa tikupita ku Bilira.